Kompyuta ya a Mailosi Itatentha

A Mailosi Sandalamu a kwa Katunga sakhulupirira chinthu asanachikhudze ndi kuseri kwa dzanja. Kaya ndi injini ya chigayo, kaya firiji ya pagolosale, kaya chipumi cha mwana, amayamba aikapo kuseri kwa dzanja, mutu ataupendeketsa ngati akumvetsera miseche. Akatero amatchula nambala. "Madigiri 60 awa." Mukapita kukabwereka choyezera chenicheni mupeza kuti sanaphonye kwenikweni, ndipo zimenezi zimatopetsa anthu ambiri.

Khalidweli analitola kuntchito. Anabadwira konkuno mu 1957, m'banja la anthu aja amene makolo awo anabwera ndi azungu oyamba kuchokera ku Zambezi atasenza katundu, n'kukhazikika m'chigwa muno osabwereranso. Bambo awo ankalima thonje ndipo ankafuna kuti mwana wawo alimenso thonje. Koma a Mailosi anathawa khasu ali ndi zaka khumi ndi zisanu, n'kuyamba kumata machubu a njinga pansi pa mtengo wa msangu. Kenako analembedwa ku minda ya nzimbe ku Nchalo kuti aziyang'anira mapampu, ndipo pamene malo opangira magetsi a ku Kapichira anatsegulidwa, anapita kumeneko ngati makaniko.

Ntchito yawo sinali yopanga magetsi ayi, ngakhale akamacheza amalankhula ngati nyali zonse za ku Blantyre ankayatsa ndi iwo. Inali yoziziritsa makina. Tsiku ndi tsiku ankatsuka masefa a madzi amene namasupuni ndi mchenga wa mu Shire zinkatseka, ankamvetsera mapaipi, n'kulemba kutentha kwa chitsulo chilichonse chozungulira. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ntchitoyi zinawasiyira chikhulupiriro chimodzi, chakuti makina alionse angathe kugwira ntchito yoposa imene anawalembera, bola munthu awapezere kotayira kutentha. Atapuma mu 2017 anaika tebulo pakhonde n'kumakonza mawailesi, mafoni ndi nyali za sola.

Akazi awo, a Faness, ali ndi chikhulupiriro chawonso. Iwo chinthu chaulemu sichikhala pamtetete. Wailesi ya m'nyumba muja ili ndi nsalu yake, TV ili ndi nsalu yake, makina osokera ndi Baibulo chimodzimodzi, zonse zoyera, zokhuthala, zopetedwa maluwa ofiira ndi manja awo. Fumbi la ku Chikwawa amadana nalo ngati munthu.

Awiriwa amaitanana kuti "bambo a Elvis" ndi "mayi a Elvis" mpaka lero, ngakhale Elvis kulibe. Anali mwana wawo woyamba, ndipo ankakhala kwawo kwa mkazi wake Mervis, kufupi ndi mtsinje. Madzi atasefukira mu Januwale 2015 anamukweza Mervis pachulu, n'kubwerera kukamasula mbuzi. Sanabwerenso, ndipo thupi lake silinapezeke. Mervis anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Mwana atabadwa, wamkazi, anamutcha Tithokoze. Zithunzi za Elvis zinapita ndi nyumba, foni inapita ndi mwini wake, ndipo chimene chinatsala kwa makolo ake ndi fotokope ya chiphaso chovotera, pamene nkhope inkaoneka ngati khala. Tithokoze anafika zaka zisanu ndi ziwiri akuwadziwa bambo ake ngati khala limenelo.

Mu 2022, mlongo wake wa Elvis, Lily, amene amagwira ntchito ku Limbe, anapeza tepi ya ukwati wa iye mwini wa mu 2006 pansi pa sutikesi, ili ndi nkhungu. Anapita nayo kusitolo ina n'kuisamutsira pa fulashi. A Mailosi atalowetsa fulashiyo mu TV, mtima wawo unadumpha kenako unagwa. Elvis analimo, akuvina pamzere wa operekeza akwati, koma chithunzi chinali mizeremizere ndi timadontho, nkhope zonse zitapakika ngati wina wadutsapo ndi chisanza chonyowa. Lily anawauza pafoni kuti pali pulogalamu yoyeretsa vidiyo yotere, kachithunzi kamodzi kamodzi, koma imafuna kompyuta yamphamvu.

"Usagule yomangamanga," anatero a Mailosi. "Tumiza zipangizo, ndimanga ndekha."

"Bambo, kompyuta si pampu."

"Ili ndi fani?"

"Ili nayo."

"Ndiye tumiza."

Zinabwera pa minibasi, m'katoni ya sopo: bokosi lakuda, bolodi lalikulu, memore, ndi purosesa, kachitsulo kofanana ndi bisiketi kamene kamaganizira makina onse. A Mailosi anatha masiku awiri patebulo lodyera, magalasi ali pamphuno, foni itatsamira pa botolo la mchere ikuwaonetsa mmene anzawo a kumaiko ena amachitira. Anapaka girisi wake wotuwa pa purosesa, n'kukhazikapo chitsulo cha zipsepse chokoka kutentha, ndi fani pambali pake. Atadina batani, sikirini inayaka ulendo woyamba womwewo. Anayenda pakhonde manja ali kumbuyo madzulo onse, kudikira woti awafunse. Anaona a Faness akuyeza bokosilo ndi zikhatho, m'litali ndi m'lifupi, koma sanafunse chifukwa chake.

Poyamba sanali pa changu. Anadula pa tepi paja malo onse amene Elvis ankaoneka, zonse pamodzi mphindi makumi anayi, n'kuzigawa zidutswa zisanu ndi zitatu. Changu chinabwera Lachitatu lina mu Okutobala, pamene Mervis anafika n'kugwada pakhomo, maso ali pambali monga achitira mpongozi.

"Mayi, bambo, ndabwera kudzakudziwitsani. A Antonio aja, oyendetsa thiraki a ku Tete, za ukwati wathu zonse zatheka. Tinyamuka Loweruka la sabata ya mawa, ndi mwana. Lachisanu masana ndidzabwera naye kuti adzatsanzike."

A Faness anamudalitsa. A Mailosi nawonso anayankha bwino, chifukwa panalibe choipa. Mervis anali atakhala yekha zaka zisanu ndi ziwiri, Antonio ndi munthu wofatsa, ndipo kwa Amang'anja mwana ndi wa kwa mayi ake. Koma Mervis atapita, a Mailosi anaona vuto lake. Kunyumba kwa mwamuna wina sungatumizeko vidiyo ya mwamuna woyamba, n'chipongwe. Kuti Tithokoze aone nkhope ya bambo ake, agogo ake ali pambali n'kumuuza kuti uyu ndiye, linali Lachisanu limenelo basi.

Anatenga pensulo. Masiku analipo asanu ndi anayi. Vuto linali magetsi. Chaka chimenecho, chigumula cha mu Januwale chitaononga damu la ku Kapichira, magetsi ankabwera mogawana. Mzere wa kwawo unkalandira maola asanu ndi limodzi odalirika patsiku, ndipo a usiku ankangophethiraphethira osadalirika. Munthu amene anatha zaka zonse zija akuziziritsa makina a magetsi tsopano ankawadikira ngati mvula, koma tisawaseke. Pulogalamu ija inanena kuti chidutswa chimodzi chifuna maola asanu ndi awiri, ndipo magetsi akathima chisanathe, chonse chimaonongeka. Maola asanu ndi awiri m'maola asanu ndi limodzi salowa.

"Chepetsani zidutswazo, zikhale zing'onozing'ono," Lily analangiza pafoni.

"Ndiye masiku sakwana."

"Chotsanipo zina."

"Ndichotse mwana wanga? Ayi. Makinawa athamanga."

Anali ataona kale pafoni kuti purosesa imachoka kufakitale itamangidwa liwiro, ngati basi ya kampani, ndipo munthu angathe kuimasula. Lachinayi m'mawa magetsi atangobwera analowa mu bayosi, tsamba lija limene makina amasungamo malamulo ake, napeza nambala ya liwiro ili pa 3.6. Anaikweza kufika pa 3.8, makina anavomera. Pa 4.0 anavomeranso. Pa 4.2 sikirini inasanduka yabuluu n'kuuma. Anaonjezera mavoti, mphamvu ya magetsi yolowa mu purosesa, pang'ono, pang'ono zedi, ngati mchere wa m'ndiwo za wodwala, ndipo inadzuka. Koma nambala ya kutentha inayamba kukwera ngati ikuthamangitsidwa: 80, 88, 93. Ikafika pa 95 purosesa imadzibweza yokha liwiro kuti isapse, ndiye phindu lonse lapita.

Apa mpamene a Mailosi anavula malaya. Nkhani ya manambala anaiphunzira dzulodzulo, koma nkhani ya kutentha inali yawo. Anatsegula bokosi lija n'kuyatsa kachidutswa ka koyilo ya udzudzu kuti aone kumene utsi ukupita. Utsi unkangozungulira m'katimo, osatuluka.

"Mpweya uli ngati madzi a m'paipi," anauza a Faness, amene sanawafunse. "Ulowe kumaso, utuluke kumbuyo. Ukaima, wapha makina."

"Ee," anayankha a Faness, maso ali pa singano.

Anachotsa mafani awiri m'zinthu zakufa za pakhonde, imodzi anaimangirira kumaso kuti izikoka, ina kumbuyo kuti izitaya. Mawaya onse anawamanga pambali ndi timizere ta chubu cha njinga. Katoni ya sopo ija anaidula n'kupanga ngalande yochokera ku fani yakumaso mpaka pa chitsulo cha zipsepse. Bokosilo analichotsa pakona n'kulikhazika pa njerwa ziwiri moyang'ana zenera la kumthunzi. Zinkaoneka ngati khola la nkhunda, koma utsi wa koyilo unalowa kumaso n'kutuluka kumbuyo mowongoka. Magetsi asanathime tsiku limenelo anali pa 4.3, kutentha kuli pa 86, ndipo pulogalamu inati chidutswa chitha m'maola asanu ndi mphindi makumi asanu.

Lachisanu chidutswa choyamba chinatha. Anachionera ataimirira. Mzere wa operekeza akwati unatuluka m'timadontho muja ngati anthu akutuluka m'chifunga, ndipo wachitatu pamzerepo, wamtali, jekete lomukulira, anali Elvis. Anali patali, koma anali iye. A Faness anagwira pakamwa n'kufunsa chinthu chimodzi chokha: "Ndiye ali m'bokosimu?" A Mailosi anati ee, ali m'menemo. Loweruka chachiwiri chinatha. Lamulungu sanapite kutchalitchi, anatumiza uthenga kuti akudwala miyendo, ndipo chachitatu chinatha.

Panali chidutswa chimodzi chimene anachiika kumapeto kwenikweni, pamene Elvis amafika pafupi ndi kamera n'kulankhula. Munthu wanzeru akanayamba ndi chimenecho. Mukawafunsa amati linali dongosolo la ntchito, koma ndi bodza. Ankachiopa.

Lolemba linali tsiku lawo lokatenga mankhwala a BP kuchipatala cha paboma. Magetsi anabwera 6 koloko m'mawa, iwo anayambitsa chidutswa chachinayi, anaika kuseri kwa dzanja pa bokosi, n'kuuza akazi awo kuti, "Musadine kalikonse." Anakwera kabaza.

A Faness sanadine kalikonse. Cha m'ma 8 kunadutsa kamvuluvulu, nakokolola fumbi la pabwalo lonse n'kulilowetsa pazenera paja. Iwo atalowa anapeza fumbi litayera pa bokosi, mafani akulimeza. Anatseka zenera, anapukuta bokosi bwinobwino, n'kukatenga nsalu imene anakhala akupeta sabata yonse, yoyera, yokhuthala, ya maluwa ofiira m'makona. Anaifunditsa kuyambira kumaso mpaka kumbuyo, n'kuipinda pansi pa njerwa kuti fumbi lisapeze polowera.

A Mailosi anabwerako nthawi itadutsa hafu leveni. Asanalowe anamva kuti m'nyumba muli zii. Atalowa anaona maluwa ofiira aja pa bokosi. Anasolola nsaluyo n'kuiponya pansi, naika kuseri kwa dzanja pa bokosi, n'kulichotsa msanga. Sikirini inali yakuda. Anazimitsa, anayatsanso. Mafani anazungulira koma sikirini sinaonetse kanthu. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Kenako magetsi anathima.

Mawu amene analankhula tsiku limenelo si onse oti abwerezedwe. Anati zaka makumi anayi za banja munthu osaphunzira kanthu. Anati mwaipha, mwaitsamwitsa ngati nkhuku m'thumba. Anati chilichonse m'nyumba muno nsalu, nsalu, mawa mudzafunditsa ndi ine ndemwe ndili moyo.

A Faness anatola nsalu yawo, anaikung'untha, n'kuipinda kanayi. Sanakweze mawu.

"Bambo a Elvis, munandiuza nokha kuti mwana wanga ali m'menemo. Madzi anamutenga, sindinamusambitse, sindinamufunditse ngakhale kansalu kamodzi. Ndiye lero fumbi lizimukwirira ine ndili pompano ndikuyang'ana?"

Anatuluka. A Mailosi anatsala ataimirira pakati pa nyumba, manyazi atawagwira. Anakumbukira kuti nkhani ya mpweya ija ankaifotokozera bokosi osati mkazi wawo, ndipo kuti anaona zikhatho zikuyeza koma sanafunse. Anakhala pansi pasimenti pafupi ndi makinawo. Sankadziwa ngati purosesa yapsa kapena yangokomoka, ndipo analibe njira yodziwira mpaka magetsi atabweranso. Apo n'kuti uthenga utafika pafoni kuti kuyambira Lachiwiri mzere wawo uzilandira magetsi kuyambira 12 koloko masana mpaka 6 madzulo. Masana a Okutobala ku Chikwawa, pamene ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pansi pa ngolo.

Patapita nthawi a Faness analowa ndi kapu ya madzi, anagwada, n'kuiika pambali pawo. A Mailosi anamwa. Madziwo anali ozizira mpaka m'mano. Anayang'ana kapuyo, kenako anadzuka n'kupita kuseri kwa chitseko kumene kumakhala mtsuko. Unali utakulungidwa m'chiguduli chonyowa monga mwa masiku onse, kamphepo ka pansi pa chitseko kakuuomba. Anaika kuseri kwa dzanja pa chigudulicho, kenako pakhoma, kenako pa chigudulicho.

"Mayi a Elvis," anaitana. "Ndalakwa ine. Bwerani mundithandize, nkhani iyi mukuidziwa ndi inu."

Nthawi ino anafotokoza akuyang'ana munthu. Makinawa amapuma ngati ife, amakokera mpweya kumaso n'kutulutsira kumbuyo, ndipo mpweya wolowawo ukakhala wamoto palibe fani ingathandize. A Faness anamvetsera, n'kunena kuti chiguduli cha mtsuko chimauma msanga masana, chimafuna kuthiridwa pafupipafupi, ndipo chikhale chimodzi osapinda, apo ayi mphepo sidutsa. Anakhoma felemu ya nsungwi pazenera n'kupachikapo chiguduli chatsopano chotsukidwa. Bokosi analisuntha kutalika kwa mkono umodzi kuti dontho lisalifike, pakuti madzi ndi magetsi a Mailosi amadziwa bwino udani wake. Fani yaikulu ya patebulo anaiika kuti izikoka mpweya kudzera m'chigudulimo. Fumbi nalonso lizitsalira momwemo, ndipo mfundo imeneyi ndi imene inawakondweretsa a Faness.

Panatsala nkhani yowawa. Zidutswa zinali zisanu, masiku anayi. Dzuwa litapendeka anakhala pakhonde awiriwiri n'kumaonera vidiyo yosayeretsa ija pafoni, kusankha zotaya. A Mailosi dzanja linkakana. A Faness ndiwo analimba mtima.

"Apa akuoneka msana, chotsani. Apa wabisika kuseri kwa a m'busa, chotsani. Apa tikuvina ndi ife, iye ali kutali uko."

"Pamenepa mukuoneka bwino inu."

"Mwana akundidziwa kale ine. Chotsani."

Lachiwiri 12 koloko a Mailosi anali atachotsa kale kabatire kozungulira ka pa bolodi n'kukabwezera, kuti makina aiwale malamulo amene anakomoka nawo. Magetsi atabwera anadina batani. Mafani anazungulira. Sikirini inakhala yakuda kwa nthawi yokwana kupuma katatu, kenako zilembo zinatuluka. A Mailosi anaika kuseri kwa dzanja pa bokosi. A Faness anathira madzi pa chiguduli ndi kapu, kuyambira pamwamba. Choyezera kutentha cha pakhonde chinkanena 43, koma mpweya wofika pa bokosi unali 36. A Mailosi analowanso mu bayosi n'kuika 4.4, ndipo chidutswa chinatha magetsi atatsala pang'ono kuthima.

Lachitatu dyera linawagwira, anayesa 4.6. Sikirini inachita buluu pasanathe mphindi ziwiri. Anabwerera pa 4.4 mofulumira, akudzitukwana chamumtima. Masiku awiri amenewo a Faness anayenda kumjigo maulendo osawerengeka, ndipo amayi a kumeneko anayamba kufunsa ngati kunyumba kwa a Sandalamu akuumba njerwa. Iwo ankangoti, "Tikumwetsa kompyuta," n'kusenza ndowa yawo. Lachinayi magetsi anathima mphindi khumi ndi zisanu nthawi isanakwane, chidutswa chitangotha kumene, ndipo a Mailosi anaona kuti mawa 4.4 singadalirike.

Lachisanu kunacha kopanda mphepo, thambo loyera ngati phulusa. Pofika 12 koloko choyezera cha pakhonde chinali pa 44. Anapukuta zipsepse zonse ndi nthenga ya nkhuku, anaika 4.5, anaonjezera mavoti kachidutswa kamodzi, n'kuyambitsa chidutswa chomaliza chija. Anakoka mpando n'kukhala maso ali pa nambala. Inayamba pa 84. Pofika 2 koloko inali pa 90. Chiguduli chikayamba kuuma m'mphepete nambala inkakwera, a Faness akathira inkatsika kamodzi kapena kawiri. Malata a padenga ankalira ndi kutentha.

Mervis anafika cha m'ma 3 ndi Tithokoze, mwanayo atavala diresi la kutchalitchi ndi nsapato zomuthina. Mervis anagwada pakhomo, anapereka moni, n'kuona apongozi ake aakazi akubwera ndi ndowa, thukuta lili chuchuchu. Sanafunse zambiri. Anavula nsapato, analanda ndowayo, n'kupita yekha kumjigo. Kuyambira pamenepo Mervis ankatunga, a Faness ankathira, a Mailosi ankawerenga. 92. 93. Anazimitsa sikirini ya TV, anazimitsa ndi nyali, anatsegula chitseko chakumbuyo kuti mpweya wotentha upeze njira. Itafika pa 94 anatenga chivundikiro cha ndowa n'kuyamba kukupiza chiguduli ndi manja awo, bambo wa zaka 65 wa BP, osalola wina kuwalandira.

"Agogo, mukukupiza chiyani?" Tithokoze anafunsa.

"Ndikuitana munthu wina kuti adzakuone. Khala pamenepo."

Dzuwa litayamba kutsika nambala inabwerera pa 91, kenako 89. Ili 5 koloko anayatsa TV n'kumuonetsa mwanayo zidutswa zoyamba. Anamulozera wamtali wa jekete lalikulu uja. Tithokoze anayang'ana mwaulemu, anagwedeza mutu, kenako anayamba kuseweretsa lamba wa nsapato. Munthu wovina patali sanali kanthu kwa iye. A Mailosi anaona zimenezo ndipo zinawapweteka.

Nthawi itakwana 5:38 makina analira kamodzi, ndipo mafani anatsitsa mawu. A Mailosi anakopera chidutswacho pa fulashi n'kuilowetsa mu TV. Anamukhazika Tithokoze pamwendo pawo.

Panaoneka bwalo la tchalitchi ndi anthu ovina. Pakati pawo panali a Mailosi a tsitsi lakuda, atavala suti, akuvina moipa kwambiri. Kenako mnyamata wamtali anatuluka m'gulumo n'kubwera molunjika, mpaka nkhope yake inadzaza TV yonse. Inali yoyera bwino: thukuta pamphuno, kachipsera pa nsidze, mpata pakati pa mano akutsogolo. Anakoka bambo ake pamkono, anawaika kuseri kwa dzanja pachipumi, mutu ataupendeketsa, n'kuyang'ana mu kamera.

"Madigiri 90 awa," anatero Elvis. "Azimitseni mdalayu apume kaye, angapse."

Anaseka, ndipo Tithokoze anaseka naye, mpata wa mano ake uli poyera. Kenako anasiya kuseka. Anatsika pamwendo paja n'kupita pafupi ndi TV, lilime likukhudza mano ake akutsogolo.

"Ndi amenewa?"

"Ndi amenewo," anatero a Mailosi.

"Bwezani."

Anabweza. A Faness ankalira poyera osabisa, Mervis atatembenukira kukhoma, ndowa ikadali m'manja. Mwanayo anati bwezani kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Ulendo wachisanu Elvis atangokweza dzanja, magetsi anathima.

Mervis anaika ndowa pansi, anayenda chogwada mpaka pafupi ndi mpando wa apongozi ake aamuna, pafupi kuposa mmene anafikirapo chikwatiwire, n'kutambasula manja awiri.

"Bambo, kafulashiko ndipatseni. A Antonio ndilankhula nawo ndekha. Mwanayu akamakula aziwaona."

A Mailosi anaizula mu TV n'kuiika m'manja mwake. Mervis anathokoza kuti takhuta, monga anenera a kwawo kwa mayi ake ku Nsanje, n'kuimanga pa mfundo ya chitenje. A Mailosi anawaperekeza mpaka pamsewu, Tithokoze atanyamula nsapato m'manja, akufunsa ngati bambo ake ankathamanga kwambiri, ngati ankakonda mango, ndiponso chipsera chija anachitenga kuti. A Mailosi anayankha zonse mpaka kabaza ananyamuka.

Atabwerera anamasula chiguduli pazenera n'kuchiyanika pachingwe. Anakhala pafupi ndi bokosi lija, kuliyesa ndi kuseri kwa dzanja nthawi ndi nthawi, mpaka chitsulo chinazizira n'kufanana ndi khoma. Anazula waya kukhoma.

"Mayi a Elvis, nsalu ija ili kuti?"

A Faness anakaitenga m'sutikesi, ikadali yopindidwa kanayi. Anagwira mbali imodzi, a Mailosi mbali inayo, ndipo anaifunditsa kuyambira kumaso mpaka kumbuyo, n'kuipinda bwinobwino pansi pa njerwa.